Mmene Mungatetezere Mwana Wanu ku SSPE, Matenda a Ubongo Obwera Patapita Zaka Chikuku Chitatha

Makolo ambiri kuno ku Lilongwe amachidziwa chikuku ngati matenda a masabata awiri. Mwana amatentha thupi, maso amafiira, chifuwa ndi chimfine zimamugwira, kenako zidzolo zimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kutsikira thupi lonse, ndipo khungu likayamba kufunduka mtima wa mayi umakhala pansi poganiza kuti zatha. Kwa ana ambiri zimatheradi pomwepo. Koma mwa ana owerengeka kachilombo ka chikuku sikachoka m'thupi. Kamabisala mu ubongo, kamasintha pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo tsiku lina mwana amene anali wathanzi ndi wokhoza bwino m'kalasi amayamba kuiwala, kugwa, mpaka kusiya kuyankhula. Madokotala amatcha matendawa subacute sclerosing panencephalitis, mwachidule SSPE, ndipo pafupifupi onse amene awadwala amamwalira.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno chifukwa chikuku si mlendo m'dziko muno. Mu 2010 anthu oposa 134,000 anadwala chikuku m'Malawi ndipo 304 analembedwa kuti anamwalira, ndipo amene matendawa anawagwira kwambiri anali makanda a miyezi 6 mpaka 8, amene nthawi yawo yolandira katemera inali isanakwane. Makanda oterewa ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu cha SSPE. Ofufuza a ku California, atatsatira ana amene anadwala chikuku kumeneko pakati pa 1988 ndi 1991, anapeza kuti mwa amene anadwala asanakwanitse chaka, mmodzi mwa 609 alionse anadzadwala SSPE. Ku Germany anapeza mmodzi mwa 1,700 mpaka 3,300 pakati pa ana amene anadwala chikuku asanafike zaka 5. Matendawa ndi osowadi, koma si osowa monga mmene ankaganizira kale, ndipo kholo limene zaligwera silitonthozedwa ndi mawu oti zimachitika mwa apo ndi apo.

Yambani ndi kumvetsa zimene kachilomboka kamachita

Munthu amasamala bwino chinthu chimene akuchimvetsa, choncho ndikhalitsa pang'ono pa mfundo iyi. Kachilombo ka chikuku kali ndi malangizo a chibadwa chake olembedwa mu ulusi wotchedwa RNA, umene uli ndi zilembo 15,894. Kakalowa m'selo la munthu (maselo ndi tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi) kamakopera malangizowa kambirimbiri kuti kapange tizilombo tina, ndipo pokoperapo kamalakwitsa zilembo zina, monga mwana wokopera manotsi pabolodi popanda mphunzitsi womuchongera. Zolakwika zambiri zimapha kachilomboko kapena sizisintha kanthu. Zina zochepa zimakapatsa luso limene kanalibe poyamba, ndipo luso limeneli ndilo gwero la SSPE.

Kachilombo ka chikuku wamba kalibe njira yolowera m'maselo a ubongo. Kuti kalowe m'selo, kamayamba kagwira pa chitseko china chake cha pakhungu la selolo. Zitseko zimenezi zilipo ziwiri zodziwika: SLAM, chimene chili pa maselo a chitetezo cha m'thupi ndipo chinapezedwa mu 2000 ku Kyushu University ku Japan, ndi nectin-4, chimene chili pa maselo a njira ya mpweya ndipo chinapezedwa mu 2011. Maselo a minyewa ya mu ubongo alibe zitseko ziwirizi. Ndiye funso limene linazunguza mitu ya ofufuza kwa zaka zambiri linali lakuti, kachilombo kopanda polowera kamafalikira bwanji ubongo wonse?

Yankho lili m'tiziwalo tiwiri ta kachilomboka totchedwa mapuloteni, amene amatchulidwa ndi zilembo M ndi F. Puloteni ya M ndi imene imamanga pamodzi ziwalo za kachilombo katsopano kuti kathe kutuluka m'selo kali kathunthu n'kupita kukagwira munthu wina. Mu tizilombo totengedwa mu ubongo wa odwala SSPE, malangizo opangira M amapezeka atawonongeka kwambiri, kawirikawiri chilembo U chitasanduka C m'malo ochuluka. Zotsatira zake n'zakuti kachilomboko sikathanso kutuluka panja pa selo. Wina angaganize kuti zimenezi ndi zabwino, ndipo mbali imodzi ndi zabwinodi, popeza mwana wa SSPE sapatsira munthu aliyense matenda. Koma kusatulukako ndiko kubisala kwake, chifukwa asilikali a m'thupi amene amalondera m'magazi ndi m'madzi a mu ubongo amagwira kachilombo kamene kali panja, pomwe aka kali m'kati mwa selo kosaonekera.

Puloteni ya F ndi imene imalumikiza khungu la kachilombo ndi khungu la selo kuti zikhale chinthu chimodzi, malangizo aja n'kulowa. Mwachibadwa F ndi yodekha, siigwira ntchito mpaka italandira chizindikiro choti chitseko choyenera chagwiridwa. Kusintha kwa chilembo chimodzi kapena ziwiri, monga kumene ofufuza amakutcha T461I, kumaichititsa kukhala yopupuluma, moti imalumikiza maselo ngakhale popanda SLAM kapena nectin-4. Mu 2021 ofufuza a ku Kyushu komwe kuja anaonetsa kuti F yosinthikayi imathandizidwa ndi mapuloteni a munthu mwini otchedwa CADM1 ndi CADM2, amene amapezeka ambiri mu ubongo. Taganizirani nyumba za m'dera ngati Area 25 zimene mipanda yake ndi yogundana. Munthu amene akuopa kudutsa mumsewu mmene muli alonda akhoza kuboola mpanda n'kulowa kwa woyandikana naye, kuchoka apo n'kuboolanso wina, mpaka kumaliza mzere wonse wa nyumba osaponda mumsewu. Umu ndi mmene kachilombo ka SSPE kamayendera, kuchoka m'selo lina la minyewa kupita m'linzake kudzera pamene maselowo amakhudzana.

Chinanso chimene chadziwika posachedwa n'chakuti tizilomboti sitiyenda kamodzikamodzi. Malangizo a tizilombo tosiyanasiyana, tina tosinthika ndi tina tosasinthika, amawoloka limodzi monga gulu n'kumathandizana. Mu 2023 gulu la Yuta Shirogane ku Kyushu linaonetsa kuti mphamvu yolumikizira maselo imadalira kusakanikirana kwa F yachibadwa ndi F yosinthika m'gulumo. M'chaka chomwecho ofufuza a ku Mayo Clinic ku America, atayeza mbali 15 za ubongo wa munthu amene anamwalira ndi SSPE, anapeza mitundu iwiri ya malangizo a kachilomboka imene inafalikira limodzi ubongo wonse. Kusintha konseku kumachitikira m'thupi la mwana yemweyo, mwakachetechete, kawirikawiri kwa zaka 7 mpaka 10, popanda kutentha thupi kapena ululu umene ungachenjeze makolo. Palibe mankhwala odziwika amene angaletse kusinthaku kukangoyamba. Chimene chili m'manja mwathu ndi kuletsa kachilomboko kulowa m'thupi la mwana poyamba pomwe.

Tsekani khomo nthawi ikadalipo

Tengani buku la kusikelo la mwana wanu lero, mutsegule patsamba la katemera, muone ngati pali masiku awiri olembedwa pa katemera wa chikuku ndi rubella (matenda ena a zidzolo). M'Malawi muno katemera woyamba amaperekedwa mwana akakwanitsa miyezi 9 ndipo wachiwiri kuyambira pa miyezi 15. Wachiwiriyu ndi amene amaphonyedwa kwambiri, chifukwa mwana akayamba kuyenda ndipo akuoneka wonenepa, mayi amachepetsa maulendo a kusikelo, makamaka ngati ali ndi geni kumsika kapena pali khanda lina kumsana. Koma katemera mmodzi woperekedwa pa miyezi 9 amateteza ana pafupifupi 85 mwa 100 alionse, kutanthauza kuti ena 15 amatsala opanda chitetezo chokwanira ngakhale anabayidwa. Awiri pamodzi amafikitsa chitetezo pafupi ndi 97 mwa 100.

Ngati mwapeza kuti tsiku lina palibe, musadzione ngati mwachedwa moti n'kuchita manyazi kupita. Pitani kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Kawale, ku Area 18, ku Area 25, ku Bwaila kapena kusikelo yoyendera m'mudzi, mukawaonetse azaumoyo bukulo ndi kuwauza zoona kuti mwana anaphonya. Katemera ndi waulere. Ngati buku linatayika kapena linanyowa ndi mvula ndipo simukukumbukira bwino, nenani zomwezo, popeza kubayidwa katemerayu kawiri kapena katatu sikuvulaza mwana. Pakakhala kampeni ya katemera m'sukulu ndi m'midzi, monga inachitika mu 2017 ndi mu 2023, lolani mwana alandire ngakhale analandira kale.

Pali mantha amene ndimawamvetsa ndipo sindiwapeputsa: ena amafunsa ngati katemerayo, popeza ali ndi kachilombo kofooketsedwa, sangayambitse yekha matenda a ubongowa. Ofufuza akhala akuyeza tizilombo totengedwa mu ubongo wa odwala SSPE kwa zaka zambiri, ndipo chimene amapeza nthawi zonse ndi kachilombo ka chikuku chenicheni chogwira anthu, osati ka mu katemera. M'maiko amene katemera anafikira ana ambiri, SSPE inachepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Mwana amene analandira katemera koma n'kudzadwala SSPE kawirikawiri amapezeka kuti chikuku chinamupeza kale asanabayidwe, nthawi zina chosaonetsa zidzolo zambiri moti makolo sanachizindikire.

Vuto lalikulu lili pa khanda losakwana miyezi 9, limene lili pa chiopsezo chachikulu koma silinafike pa msinkhu wa katemera. Khandali limatetezedwa ndi anthu olizungulira. Onetsetsani kuti akulu ake onse, ana a m'bale wanu amene mukukhala nawo, ndiponso mtsikana wolera mwana analandira katemera. Chikuku chimafala kudzera mumpweya, kachilombo kake kamatha kukhala m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatulukamo, ndipo mwa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala pafupi ndi wodwala, mpaka 9 amatenga matendawa. Wodwala amayamba kupatsira anzake masiku anayi zidzolo zisanatuluke ndipo amapitiriza masiku anayi zitatuluka. Choncho mukamva kuti m'dera lanu mwagwa chikuku, musapite ndi khanda kukazonda mwana wodwala, ndipo chepetsani kulitengera m'minibasi yodzaza, kumaliro ndi m'misonkhano ya m'nyumba zotsekeka. Ndikudziwa kuti kusapita kukazonda mwana wa mnansi kumaoneka ngati kuuma mtima, koma mungathe kupita nokha khanda litatsala ndi wina kunyumba, kapena kutumiza phala ndi mawu.

Khanda likakhala kuti lakhala pafupi ndi wodwala chikuku, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa katemera woperekedwa pasanathe maola 72 akhoza kuletsa matendawa. Bungwe la World Health Organization limalola kuti pa nthawi ya mliri, komanso kwa ana amene ali ndi HIV, katemera woonjezera aperekedwe kuyambira pa miyezi 6, koma ameneyu salowa m'malo mwa awiri aja. Azaumoyo ndiwo angakuuzeni ngati mwana wanu akuyenera.

Mwana akadwala chikuku

Mutengereni kuchipatala, osamusunga m'nyumba kudikira kuti zidzolo zituluke zonse, ndipo pofika uzani wolandira odwala msanga kuti mukuganizira chikuku kuti asakukhazikeni pa benchi limodzi ndi makanda ena. Kumeneko adzamupatsa vitamini A kawiri, tsiku loyamba ndi lotsatira, ndi kumuyeza ngati ali ndi chibayo, kutsegula m'mimba kapena vuto la maso. Vitamini A amachepetsa imfa ndi vuto la kusaona, ngakhale sateteza ku SSPE. Kenako chitani chinthu chimodzi chaching'ono chimene chingadzathandize kwambiri mtsogolo: pemphani kuti alembe m'buku lake kuti anadwala chikuku, mwezi ndi chaka, ndi msinkhu umene anali nawo, ndipo bukulo mulisunge ngakhale litadzaza n'kugula lina. Pakapita zaka 8 palibe amene amakumbukira bwino kuti zidzolo zija zinali za chiyani.

Musakhale ndi nkhawa usiku ndi usana chifukwa mwana anadwalapo chikuku. Ochuluka zedi sadzadwala SSPE. Chofunika ndi kudziwa zizindikiro zake basi.

Zizindikiro zoyenera kuzitengera kuchipatala

Chiyambi cha SSPE chimasokoneza chifukwa chimafanana ndi khalidwe wamba. Mwana wa Sitandade 3 kapena 5 amene ankakhoza amayamba kutsika m'kalasi, zolemba zake zimasokonekera, amaiwala zimene watumidwa kugolosale, amapsa mtima msanga kapena amangokhala duu osasewera ndi anzake. Aphunzitsi amati wayamba ulesi, bambo amati wayamba mwano, ndipo ana ena amakwapulidwa pa chinthu chimene si kufuna kwawo. Ichi chimandipweteka mtima kuposa zina zonse pa matendawa. Mwana akasintha khalidwe ndi nzeru pamodzi kwa masabata angapo popanda chifukwa chooneka, ndipo zikunkera patsogolo, muganizireni ngati wodwala musanamuganizire ngati wopulupudza. Anyamata amadwala matendawa kuposa atsikana, ndipo ambiri amakhala a zaka za kupulayimale, ngakhale achinyamata ndi akuluakulu amathanso kudwala.

Pakapita masabata kapena miyezi kumabwera chizindikiro chodziwikiratu, chimene ndi kudzidzimuka kwa thupi. Mutu umagwera kutsogolo mwadzidzidzi, phewa kapena mkono umatukuka wokha, kapu imagwa m'manja, kapena mawondo amafooka mwana n'kugwa pansi, kenako n'kudzuka ngati palibe chachitika. Kudzidzimukaku kumabwerezabwereza pakapita masekondi angapo alionse, mofanana nthawi zonse, mwana ali maso ndithu, ndipo kumasiya akagona tulo. Ena amakomoka ngati akhunyu, ndipo ena amayamba kusaona bwino, nthawi zina zizindikiro zina zisanaoneke. Matenda akapitirira, thupi limauma, kuyenda kumakanika, mawu amatha, kumeza kumavuta, ndipo mwana amafika posazindikira amene ali naye pafupi. Ambiri amamwalira pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu chiyambireni zizindikiro.

Matenda obwera chotere, pa mwana amene anali bwinobwino, amabweretsa mawu a ufiti m'banja, ndipo agogo osalakwa akhoza kulozedwa chala. Kumbukirani kuti matendawa anafotokozedwa koyamba ndi dokotala James Dawson ku America mu 1933, ndipo mu 1969 kachilombo ka chikuku kanatulutsidwa mu ubongo wa odwala. Gwero lake likudziwika, ndipo si munthu.

Zimene mungachite pofika kuchipatala

Musanapite, jambulani mwanayo pafoni kwa mphindi imodzi kapena ziwiri pamene akudzidzimuka, mbali yonse ya thupi ikuoneka, chifukwa kanema wotere amauza dokotala zambiri kuposa kufotokoza pakamwa. Tengani makope ake a kusukulu, la chaka chatha ndi la tsopano, kuti kusintha kwa zolemba kuoneke. Tengani mabuku onse a kuchipatala, akale omwe. Mukakhala pamaso pa dokotala, nenani mwatsatanetsatane chimene chinayamba, chimene chinatsatira, ndi nthawi imene yadutsa, ndipo musadikire kufunsidwa za chikuku. Nenani nokha kuti, "Adokotala, mwanayu anadwala chikuku ali ndi miyezi yakutiyakuti," kapena kuti munali chikuku m'nyumba ali khanda ngakhale iye sanaoneke kudwala kwambiri. Popeza matendawa ndi osowa ndipo khunyu, malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi ndizo zimaoneka tsiku ndi tsiku, mawu anu amenewo ndi amene angatsegule maganizo a dokotala.

Ngati mwana wapatsidwa mankhwala a khunyu koma akunka naipiraipira, makamaka ngati nzeru ndi mayendedwe zikutha, bwererani ndipo pemphani mwaulemu kalata yokutumizani ku Kamuzu Central Hospital kuti akaonedwe ndi madokotala a ana. Kutsimikiza SSPE kumadalira zinthu ziwiri makamaka. Choyamba ndi kuyeza mphamvu za mu ubongo ndi makina a EEG, amene amaonetsa mafunde aakulu obwerezabwereza pa nthawi yofanana ndi kudzidzimuka kuja. Chachiwiri ndi kutenga madzi a pamsana kuti aone ngati muli asilikali ochuluka olimbana ndi chikuku. Makolo ambiri amaopa kutenga madzi a pamsana poganiza kuti ndiko kumapha kapena kupuwalitsa mwana, koma singanoyo imalowa m'munsi mwa pamene mtsempha waukulu wa msana umathera, ndipo kuyezaku kumathandizanso kupeza matenda ena ofanana nawo amene ali ndi mankhwala. Pa chifukwa chimenechi chokha n'koyenera kuvomera. Ngati mwana ali ndi HIV kapena akulandira mankhwala a khansa, nenaninso, chifukwa mwa ana a chitetezo chofooka chikuku chimatha kugwira ubongo pakangopita miyezi yochepa, monga zinaonekera ku South Africa pambuyo pa mliri wa chikuku umene unayamba mu 2009.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti mankhwala ochiza SSPE kulibe. Madokotala ayesapo inosine pranobex, interferon ndi ribavirin, ndipo mwa odwala ena matenda amachedwerako, koma sachira. Choncho chenjerani ndi aliyense wolonjeza machiritso mukamupatsa ndalama, musanagulitse munda kapena njinga.

Kusamalira mwana kunyumba

Kusowa kwa machiritso sikutanthauza kuti palibe chochita. Mankhwala monga carbamazepine, sodium valproate ndi clonazepam amachepetsa kudzidzimuka ndi kukomoka, ndipo ayenera kumwedwa tsiku lililonse monga mwauzidwira, osasiya mwadzidzidzi. Mwana akadali woyenda, musamusiye yekha pafupi ndi mbaula, moto, chitsime kapena beseni la madzi. Akakomoka mugonekeni chammbali, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, ndipo kukomokako kukapitirira mphindi zisanu thamangirani naye kuchipatala.

Kumeza kukayamba kuvuta, mudyetseni atakhala tsonga, pang'onopang'ono, phala lolimbirako la nsinjiro kapena Likuni Phala, chifukwa zamadzimadzi kwambiri zimatsamwitsa n'kulowa m'mapapo, ndipo chibayo chotere ndicho chimatenga ana ambiri a matendawa. Akafika pogona, mutembenuzeni pakapita maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda pamsana ndi m'chiuno, ndipo pemphani a mafizo kuchipatala akuphunzitseni kuongola manja ndi miyendo kuti isapindike. Funsaninso za gulu losamalira odwala matenda osachiritsika, limene limathandiza pa ululu, pa kadyedwe ndi pa kulimbikitsa banja. Ntchitoyi ndi yolemera kwa mayi yekha, choncho bambo, azakhali ndi a kumpingo agawane masiku. Abale ake a mwanayo angathe kudya naye, kugona naye chipinda chimodzi ndi kumugwira dzanja popanda kutenga kanthu, ndipo pitirizani kumuyankhula ndi kumutchula dzina ngakhale wasiya kuyankha. Pamene mukupita naye kuchipatala ulendo wotsatira, tenganinso mabuku a kusikelo a azing'ono ake kuti azaumoyo aone ngati aliyense analandira katemera wa chikuku kawiri.